Mwachimva chogwedeza chija usiku? Khoma langa lang'aluka

Amake Tiyanjane (Mchini): Mwadzuka bwanji nonse a pagulu. Ndifunseko, kodi ndine ndekha amene ndamva nyumba ikunjenjemera usiku wathawu? Inali cha m'ma 2 koloko. Mbale za m'kabati zinalira ngati wina wazigunda, agalu a mukomboni monse n'kuyamba kuuwa nthawi imodzi. Sichinachedwe, kupuma katatu chabe chatha. Manje mmawa uno posesa ndapeza tizibenthu ta pulasitala pansi, kukweza maso ndaona khoma la kuchipinda kwa ana lang'aluka kuchokera pakona ya windo kukwera kudenga. Mtima wanga suli m'malo.

Mwila: Amayi, amenewo ndi mathiraki opita ku Mwami. Kapena ndi mbewa zakwiya, zikufuna kulipsira zinzawo zomwe mwadya chaka chino.

Amake Tiyanjane (Mchini): Iwe mbuya khala chete, nkhani ya nyumba si yoseweretsa. Pita ukasamale anyani a kwanu.

Anabanda (Kapata): Simuli nokha amake Tiya. Ine ndinali maso ndi mwana wodwala chifuwa. Bedi linachita ngati munthu walikankha kumiyendo. Ndinadzutsa atate ake, iwo akuti ndalota.

Chikondi Mwale: Ku Nabvutika tachimvanso. Malata analira.

Tembo (Admin): Ine ndinagona ngati mwala, sindinamve kanthu. A Zulu muliko? Tiuzeni, chinali chivomezi kapena chiyani? Komanso mawu enieni ndi chivomezi kapena chivomerezi, poti ana anga akutsutsana pano.

Aphunzitsi Zulu: Ndilipo a Tembo. Onse awiri mawuwo amanenedwa, asiyeni anawo. Ngati anthu a ku Mchini, Kapata ndi Nabvutika amva pa ola limodzi, thiraki singachite zimenezo. Ndipo tisadabwe. Ife a ku Chipata kuno, kum'mawa kwa Zambia, tinakhala pakati pa ming'alu iwiri ya dziko. Kumadzulo kwathu kuli chigwa cha Luangwa, kum'mawa kuli chigwa cha nyanja ya Malawi. Zonsezi ndi nthambi za mng'alu waukulu umene umatsika kuchokera ku Ethiopia kudzera ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Nyanja ya Tanganyika ndi ya Malawi ndi madzi odzaza m'maenje a mng'alu womwewo. Nthaka ikupatukana pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pachaka, pang'ono kuposa mmene chikhadabo chimakulira. Miyala ya pansi imakanirira kwa zaka zambiri, tsiku lina n'kuterereka mwadzidzidzi, ndiye kugwedeza kumene timamvako. Amene munafika ku Nsefu munaona akasupe a madzi otentha a Chichele. Madzi aja amakwera kudzera m'ming'alu yomweyi.

Mwila: Koma zoona, nthabwala pambali. Kwathu ku Kaputa, kumpoto kwa Zambia, chinachitika mu February 2017, cha mphamvu ya 5.9 pa muyeso wa zivomezi. Nyumba zina zinagwa, anthu anavulala. Azakhali anga anagona panja sabata yonse.

Esnati Jere: Ndikulemba zomwe agogo akunena, iwo foni saitha. Akuti ichi cha usikuchi ndi kamwana. Chachikulu anachimva mu March 1989, nthawi ya Kaunda, chaka cha makuponi a ufa. Anali kumudzi kufupi ndi malire. Akuti nkhuku zinagwa pa mtanda, ng'ombe zinalira m'khola, anthu anatuluka ndi zitenje zokha n'kumakuwa kuti dziko latha. Patapita masiku anamva pa wailesi kuti chagwetsa nyumba ku Salima.

Aphunzitsi Zulu: Agogo akukumbuka bwino. Linali 10 March 1989, pafupi ndi pakati pa usiku, mphamvu yake kupitirira 6. Anthu 9 anamwalira, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Salima si kutali ndi kuno mukayeza molunjika, n'chifukwa chake chinamveka.

M'bale Daka: Abale, izi ndi zizindikiro za masiku otsiriza. M'malo moyeza manambala tiyeni tigwade.

Anabanda (Kapata): A Daka tigwada ndithu, koma ana a amake Tiya agona pansi pa khoma long'aluka usiku uno. Tiyambe tathandiza pamenepo.

Sakala Mmisiri: Amake Tiyanjane, ndiyankheni mafunso awa. Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, zidina kapena mabuloko? Anamangira simenti kapena dothi? Pamwamba pa mawindo pali ring beam, lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse, kapena pali tima lintel pa windo lililonse? Nanga mng'aluwo, ndalama yachitsulo ikulowa?

Amake Tiyanjane (Mchini): Njerwa zootcha a Sakala. Malemu atate ake Tiya anaumba okha. Kumangira anamangira dothi, simenti inangolowa pa pulasitala ndi pansi. Za ring beam sindikhulupirira, ndalama zinatithera pa mawindo. Za ndalamayo ndiyesa ndikabwera ku msika.

Anambewe (Kalongwezi): Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira mmawa, manja akunjenjemera. Ambiri mumandidziwa ngati wogulitsa mpunga ku Saturday Market, koma simudziwa kuti mpungawo ndinauyambira ku Karonga. Ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi ndi bambo a kunyumba, iwo akuyendetsa lole, ine ndikupikula kilombero. Mu December 2009 tinali komweko.

Choyamba chinabwera Lamulungu pa 6, madzulo kutangoda. Ndinali nditangothira ufa wachiwiri mumphika. Musanamve kugwedeza mumayamba kumva phokoso, ngati lole yodzaza miyala ikubwera koma ikuchokera pansi pa mapazi anu. Mphika unagubuduka pa mbaula. Ndinanyamula wamng'ono, wamkulu ndinamukoka dzanja, chitseko n'kukana kutseguka chifukwa felemu inali itapotoka. Bambo anachimenya ndi phewa.

Tinkayesa kuti chatha. Lachiwiri mbandakucha chinabweranso champhamvu kuposa choyamba, ndipo tinamva kuti khoma lagwera mwana wamng'ono n'kumupha. Kuyambira tsiku limenelo panalibe wogona m'nyumba. Tawuni yonse inasamukira pansi pa mitengo ya mango. Taganizani December, mvula ili pakati, udzudzu wa m'mbali mwa nyanja, inu muli pa mphasa yonyowa mwafunda pepala la pulasitiki, nyumba yanu ili apo mukuiona koma simungalowe. Tizivomezi ting'onoting'ono tinkabwera tsiku lililonse, mwina kangapo. Patatha masiku angapo anthu anatopa, ena anayamba kubwerera m'nyumba. Bambo nawo ankati tilowe, ana akutsokomola. Ine ndinakana mpaka tinayambana, anandinena kuti ndine wouma mutu.

Usiku wa pa 19 kuchera 20, 1 koloko itangodutsa, chinabwera chachikulu chija cha 6.0. Gebulo ya nyumba yathu, khoma la nsonga lija la kumapeto limene limakwera mpaka pa mtanda wa denga, inagwera mkati yathunthu. Inagwera pabedi la ana. Kutacha tinafukula, bedi lachitsulo linali litapindika ngati waya, neti ili pansi pa njerwa. Bambo sanalankhule tsiku lonse.

Amake Tiya, sindikukuopsezani. Koma bedi la ana lichoke pakhoma limenelo lero, osadikira a Sakala.

Anabanda (Kapata): Mayo ine. Pepani Anambewe. Zaka zonsezi timagula mpunga kwa inu osadziwa.

Tembo (Admin): Zikomo amayi potiuza. Anthu anafa ambiri?

Anambewe (Kalongwezi): Anthu anayi pa zivomezi zonsezo, ovulala mazana, nyumba zowonongeka masauzande. Chimene chinapulumutsa anthu n'chakuti chachikulu chinapeza ambiri ali kale panja. Chikanayamba chimenecho maliro sakanawerengeka.

Aphunzitsi Zulu: Apa ndionjezepo. Anthu amaona 5 ndi 6 n'kumati kusiyana kwake ndi kamodzi chabe. Ayi. Nambala ikakwera ndi imodzi, mphamvu yotuluka pansi imachuluka pafupifupi ka 32. Komanso zivomezi za kuno zambiri zimayambira pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndiye ngakhale cha nambala yochepa chimagwedeza kwambiri malo amene chayambira.

Sakala Mmisiri: Anambewe, ndifunse za ntchito yanga. Nyumba zimene zinagwa kwambiri zinali zotani?

Anambewe (Kalongwezi): A Sakala mudzaseka. Zimene zinagwa ndi zimene tinkazisirira, za njerwa zootcha zomangira dothi, za malata, za pulasitala wopaka penti. Makona ankatseguka ngati buku, magebulo n'kumagwa. Nyumba zakale za mitengo yophomedwa ndi dothi, zofolera udzu, zambiri zinangogwedezeka n'kuima. Dothi linkayoyoka koma mitengo inagwirana. Agogo ena amene tinkawamvera chisoni kuti akukhala m'kanyumba kachikale ndi amene anatisungira katundu. Mipanda ya njerwa ndiye inagona pansi mizere mizere. Kumadambo nthaka inang'ambika, mchenga ndi madzi n'kumatumphuka pakati pa munda.

Sakala Mmisiri: Ndimadziwa muyankha choncho. Tamverani nonse amene mukumanga. Njerwa ndi yolimba mukaipsinja kuchokera pamwamba, koma mukaikankha cham'mbali ilibe mphamvu. Chivomezi chimakankha cham'mbali. Chimene chimagwira makoma anayi kuti akhale chinthu chimodzi ndi ring beam, lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo zinayi, za saizi ya Y10 kapena Y12, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mawindo osaduka paliponse. Kenako brick force, waya woyala pakati pa mizere ya njerwa, pa mizere itatu iliyonse, ndi makona olumana bwino. Denga limangiriridwe ku ring beam ndi waya, osati kungosanjikiza miyala pa malata. Gebulo ikhale yaifupi, kapena muike denga lotsetsereka mbali zonse zinayi kuti gebulo isakhalepo n'komwe. Ndipo windo lisayandikane ndi kona, pamenepo ndiye pamene ming'alu imayambira, monga kwa amake Tiya.

Chikondi Mwale: A Sakala mukulankhula bwino, koma amisiri anzanu ndi amene amaba simenti. Achimwene anga anagula matumba 40, khoma lake mukhoza kulikanda ndi chala.

Sakala Mmisiri: Akuba alipo, sindiwaikira kumbuyo. Koma eni nyumba nanunso. Ndikanena kuti thumba limodzi mawilibala atatu a mchenga, mwini akuti thirani asanu, simenti yadula. Oumba mabuloko amauzidwa kuti atulutse 60 pa thumba limodzi, buloko yake mukaigwetsa imasanduka ufa. Ndikafika pa ring beam mwini akuti dumphani, ndalamayo ndigulire matailosi ndi siling'i. Matailosi alendo amawaona, chitsulo cha mkati mwa khoma palibe amene amachiyamikira. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku asanu ndi awiri, mwini akuti madzi ndi ogula. Ine ndinasiyapo ntchito ziwiri chifukwa cha zimenezi, ana anga n'kugona ndi tiyi.

Mwila: A Sakala akhudzidwa pamtima. Wina awagulire Fanta.

Sakala Mmisiri: Iwe Mwila nyumba yako ya ku Magazine ndinaiona. Mpanda wako ulibe mapilala, mbuzi itautsamira ugwa.

Dalitso Phiri (Lusaka): Moni akuluakulu. Ine chimene chandikhudza pa nkhani ya amayi Anambewe ndi za pambuyo pake. Tinaphunzirako za Christchurch ku New Zealand. Mu September 2010 kunachitika cha 7.1 kunja kwa mzinda, nyumba zinawonongeka koma panalibe wophedwa ndi kugwa kwa nyumba. Pa 22 February 2011 kunabwera cha 6.3, chocheperapo, koma pafupi kwambiri ndi mzinda komanso masana anthu ali pantchito. Anafa 185, ndipo 115 mwa iwo anafera m'nyumba imodzi ya nsanjika. Matope a mchenga anatumphuka pansi ngati mmene amayi anenera za Karonga, kudzaza misewu ndi mabwalo a nyumba. Ana a pa University of Canterbury anaitanizana pa Facebook, masauzande, n'kutenga mafosholo ndi mawilibala kukachotsa matopewo khomo ndi khomo. Alimi anabwera ndi mathirakitala awo. Masitolo a pakati pa mzinda atagwetsedwa, amalonda anatsegula msika m'makontena, ngati mmene timachitira kuno. Malo ena boma linati sangamangidwenso, linagula mapuloti pafupifupi 8,000 anthu n'kusamuka.

Chikondi Mwale: Dalitso amenewo ndi azungu, ali ndi inshuwalansi. Ife inshuwalansi yathu ndi mkonkhamkonkha wa pamaliro.

Dalitso Phiri (Lusaka): N'zoona, boma lawo lili ndi thumba la inshuwalansi ya zivomezi. Komabe ambiri anadikira zaka kuti alipidwe, ena mpaka kukhoti. Chimene chinafika mawa lake ndi wilibala ya mnansi.

Anambewe (Kalongwezi): Mwana wanga Dalitso wanena zoona, wilibala imeneyo ndinaiona. Ndikuuzeni za pambuyo pake, chifukwa kugwedezako kumatha msanga, zovuta ndi miyezi yotsatira.

Thandizo linabwera ndithu. Boma la a Bingu wa Mutharika linalengeza kuti Karonga ndi dera la tsoka, a Red Cross ndi mabungwe ena anabweretsa matenti, mabulangete, maneti ndi chakudya. Koma katundu ameneyu amayenda ndi mndandanda wa maina, ndipo mndandanda umalembedwa potengera nyumba. Nyumba yagwa, mwini wake ndani? Amalemba landilodi. Ife a lendi, amene tinali mkatimo ndipo bedi lathu ndi limene linaphwanyika, dzina lathu silinalowe. Landilodi wathu ankakhala kwina, anabwera kudzalandira tenti n'kupita nayo. Kuwonjezera apo ine ndinali mlendo wa ku Zambia, mawu anga pamsonkhano sankalemera.

Amene anatisunga ndi amayi a mumzere mwathu. Tinali mabanja asanu ndi atatu pansi pa mitengo iwiri ya mango. Tinaika mphika umodzi. Wa ufa ufa, wa usipa usipa, ine ndinatsegula thumba la mpunga wa malonda, mpamba wanga wonse unathera mumphikamo. Amayi ena a Chinkhonde amene tinkangopatsana moni wa pamsewu anadula tenti yawo pakati ndi chitenje, banja lawo uku lathu uku. Tinakhala choncho mpaka February. Usiku abambo ankasinthana kulondera, poti nyumba zinali zotseguka ndipo akuba salemekeza tsoka. Chimene sindidzaiwala ndi chimbudzi. Zambiri zinatitimira kapena kung'aluka, mvula ili mkati, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Ntchito yoyamba imene tinagwira pamodzi sinali nyumba ayi, inali kukumba chimbudzi ndi kukonza pa mjigo.

Mvula itadula tinayamba kumanga. Ubwino wa njerwa zomangira dothi ndi umodzi, zikagwa siziphwanyika zonse. Ana ndi amayi tinkakhala pansi ndi zikwanje kupala dothi pa njerwa imodzi imodzi n'kuzisanja. Abambo ankamanga nyumba imodzi onse, ikafika padenga n'kupita kwa wina. Tinayamba ndi ya amayi amasiye amene ankalera zidzukulu zinayi. Malata tinkagula mwa chilimba, kumeneko amati chipereganyu. Panali amisiri ena amene anaphunzitsidwa kamangidwe kolimba, chifukwa mu 2010 boma la Malawi linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zotetezeka potengera zimene zinachitikazo. Koma ndinene zoona, si onse anatsatira. Amene analibe ndalama anamanganso ndi dothi lomwe lija, gebulo yomwe ija, chifukwa mvula ina inali pafupi ndipo munthu sungagone pa mphasa zaka ziwiri.

Ndipo pali china chimene palibe amene anabweretsa mankhwala ake. Mwana wanga wamkulu anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chonse, lole ikadutsa pamsewu ankathawira panja osavala nsapato, anayambanso kukodza pogona. Lero ndi bambo wa ana awiri ku Katete, koma bedi lake saligunditsa kukhoma.

Chikondi Mwale: Nkhani ya lendiyo yandilasa. Ku Nabvutika kuno ambiri ndife a lendi. Nyumba imene ndimakhala ili ndi mng'alu woti dzuwa limalowa, landilodi ndikamuuza akuti ngati sukufuna tuluka, pali ena akufuna. Nditani?

Tembo (Admin): Chikondi, jambula zithunzi usunge, umuuze pamaso pa mboni, ndipo nkhaniyo ukaitule kwa a chairman a m'dera. Za mndandanda wa thandizo, kuno kwathu za matsoka zimayendetsedwa ndi DMMU, imene ili pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo m'ma ward muli makomiti a chitukuko. Ndikuona kuti n'kwanzeru ife eni ake tikhale ndi kaundula wathu wa mzere uliwonse, wolemba anthu okhala m'nyumba osati eni nyumba okha. Ndani ali ndi khanda, ndani ndi wokalamba, ndani sayenda, ndani amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Zimenezi zingatithandize ngakhale pa madzi osefukira a Lunkhwakwa kapena mphepo yosasula madenga, zimene timaziona kawirikawiri kuposa chivomezi.

M'bale Daka: Kaundula ameneyo ku mpingo tili naye kale wa m'milaga. Ngati akulu avomera tikhoza kuyambira pamenepo. Sindinati tisagwire ntchito, ndinati tisaiwale kupemphera.

Anabanda (Kapata): Tamvana a Daka. Inu mubweretse bukulo.

Aphunzitsi Zulu: Ine nkhawa yanga ina ndi mapiri. Tayang'anani mmene nyumba zikukwerera m'mapiri ozungulira tawuni yathu, mitengo yatha, anthu akuswa miyala mmunsi mwa matanthwe. Tinaona ku Blantyre mu March 2023 nthawi ya namondwe Freddy, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ija inali mvula, koma phiri lonyowa likagwedezeka pang'ono zotsatira zake n'zomwezo. Ndikadutsa mmunsi mwa Kanjala ndimayang'ana kumwamba.

Esnati Jere: Aphunzitsi, nanga chikayamba kugwedeza tizithawa kapena tizibisala? Agogo akuti kuthawa, kusukulu anatiuza kulowa pansi pa desiki.

Aphunzitsi Zulu: Malangizo a akatswiri ndi akuti gwada pansi, lowa pansi pa tebulo lolimba, phimba mutu ndi khosi, gwiritsitsa mpaka chileke, kenako tuluka. Ambiri amavulala pothamanga, chifukwa njerwa za pamwamba pa khomo ndi magalasi zimagwera pomwe akudutsapo. Ukatuluka pita pabwalo poyera, kutali ndi khoma, mpanda ndi mawaya a malaiti. Mbaula ya moto ndi kandulo zizimitsidwe. Ndipo usafulumire kubwerera mkati, Anambewe atiuza chifukwa chake.

Anambewe (Kalongwezi): Muonjezepo kuti kiyi azikhala pachitseko usiku. Ife a Chipata timakonda ma burglar bar ndi maloko atatu, kiyi ali pansi pa pilo kuchipinda. Mumdima nyumba ikuvina simungamupeze. Ine mpaka lero tochi, zitupa za NRC ndi makadi a kusikelo a zidzukulu zimakhala m'kachikwama kamodzi pamsomali pafupi ndi khomo. Ana amandiseka.

Mwila: Ine sindikusekani amayi. Ndapita kukaona mpanda wanga, a Sakala sananame, wapendekera kwa aneba kumene ana amasewerera.

Sakala Mmisiri: Ugwetse mizere ya pamwamba lero, wotsalawo tidzaikamo mapilala.

Amake Tiyanjane (Mchini): Ndabwera ku msika. Ndayesa ndalama ija a Sakala. Kumunsi pafupi ndi windo ikulowa yonse mpaka kusowa. Kumtunda ikukana, mng'alu wake ndi wopyapyala ngati ulusi. Kunja nakonso ukuoneka, malo omwewo.

Sakala Mmisiri: Ngati ukuoneka mbali zonse ziwiri ndiye kuti wadutsa khoma, si pulasitala chabe. Walitsani tochi mkati mwake. Muli fumbi lakuda, ulusi wa kangaude kapena penti? Kapena njerwa ikuoneka yofiira ngati yongothyoka kumene?

Amake Tiyanjane (Mchini): Kumunsi muli kangaude ndi fumbi, mpaka mphemvu yatulukamo. Panali kabati pamenepo n'chifukwa chake sindinkaona. Kumtunda ndiye kofiira, kwatsopano.

Sakala Mmisiri: Ndiye mng'aluwo ndi wakale, cha usikuchi changouonjezera. Kawirikawiri zimayamba ndi maziko. Dothi la makande limafufuma nthawi ya mvula n'kuuma nthawi ya chilimwe, kona ya nyumba imatsika pang'ono chaka ndi chaka. Madzi a padenga amagwera pati mbali imeneyo?

Amake Tiyanjane (Mchini): Pakona pomwepo. Pamachita chithaphwi, ndipo a lendi a kuseri amatayanso madzi ochapira pomwepo.

Sakala Mmisiri: Wakuba tamupeza. Chitani izi. Tengani pensulo mulembe kamzere pomwe mng'alu wathera kumtunda, mulembenso tsiku la lero. Pamalo awiri mumate kasimenti kopyapyala kodutsa pa mng'aluwo ngati bandeji. Kakang'aluka ndiye kuti khoma likuyendabe. Musatseke mng'alu wonse ndi pulasitala, kumeneko ndi kubisa chilonda. Madzi aja muwakumbire ngalande achoke pakona. Loweruka ndibwera ndione maziko ndi gebulo. Ngati gebulo ili yomangira dothi ndidzakuuzani kuti tiitsitse tiikepo matabwa kapena malata, ndipo mwina tingathe kuthira ring beam pamwamba titanyamula denga mbali imodzi imodzi.

Amake Tiyanjane (Mchini): Zikomo a Sakala, koma ndalama yake ndiye ndikuopa. Tomato sakuyenda mwezi uno.

Sakala Mmisiri: Kuona n'kwaulere. Zinazo tikambirana nditaona.

Anabanda (Kapata): Chilimba chathu mwezi uno ndi changa. Tisinthane amake Tiya, inu mutenge uno ine ndidzatenga wanu wa mwezi wa mawa. Amayi a gulu lija ndiwauza ndekha.

Amake Tiyanjane (Mchini): Anabanda mwandichititsa manyazi. Mulungu akuonjezereni.

Anambewe (Kalongwezi): Bedi lija mwachotsa?

Amake Tiyanjane (Mchini): Tachotsa ndi Tiya, taika matiresi pabalaza. Ana akusangalala, akuti agona pafupi ndi TV.

Tembo (Admin): Loweruka 8 koloko kwa amake Tiyanjane. A Daka buku, a Sakala makwerero. Chikondi ubwere, a Sakala akamaliza apite nawe akaone mng'alu wa kwanu. Amene ali ndi khasu abwere nalo tikumbe ngalandeyo.

Mwila: Ine ndibweretsa wilibala. Koma ndiwo zikhale nkhuku, mbewa ayi.

Amake Tiyanjane (Mchini): Udya chimene wapeza. A Sakala, kasimenti ka bandeji kaja ndisakanize ndi mchenga kapena kokhakokha? Ndili ndi theka la ndowa lotsala, koma lachita timiyala.

Sakala Mmisiri: Sefani, timiyalato mutaye. Kapu imodzi ya simenti, makapu atatu a mchenga wosefa, ndipo munyowetse khoma musanamate.